Chotsani chingwe paphewa

Marichi akafika kuno ku Kasungu, fodya wa bale ali lende m'zigafa, wina atayamba kale kusankhidwa, munthu amene sagona tulo ndi wowotcherera. Jeke imene yagona pakhonde chaka chonse mwini wake amaikumbukira tsopano kuti inathyoka mwendo. Ngolo yoti itute mabelo kupita nawo kumsewu imapezeka kuti yatsala pang'ono kuduka pakati. Aliyense akufuna chake chithe lero, poti msika wa ku Chinkhoma sudikira munthu. M'masiku oterewa nanenso ndinamanga chitsulo cha ngolo yanga panjinga n'kupita nacho pa boma, chifukwa maso anga anafooka ndipo ndodo ndinasiya kugwira.

Anandilandira mnyamata wa zaka ngati 20, waulemu, wa dzanja labwino. Msoko wake unali wosalala ngati wa munthu wokhalitsa pantchito. Koma ine msokowo sindinauyang'ane nthawi yaitali, maso anga anakodwa pa chingwe. Chinachoka pamakina, n'kukwera kumsana kwake, n'kudutsa paphewa pafupi ndi khosi, n'kuzungulira kawiri pamkono, n'kukathera m'dzanja. Chinzake cha ethi chinadzera mbali ina, kuseri kwa miyendo yake, n'kukaluma kumapeto kwa tebulo lachitsulo cha uko. Iye anali pakati pa ziwirizo. Atatha ndodo yoyamba anakhala pamakina pompo n'kumapukuta thukuta.

Ana anga, inu amene mwasankha ntchito ya moto imeneyi, pa boma, pa Santhe, pa Chamama, pa Chatoloma mpaka ku Nkhamenya, tiyeni tikambirane za chingwe chimenechi. Ine ntchitoyi ndinailowa m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene minda ya fodya wa kampopi inkatsegulidwa mbali zonse za boma lino. Ndinaphunzirira pa galaja ya esiteti ina, tikumawotcherera mapaipi a m'mabalani, ngolo za mathalakitala ndi mapulawo. Amene anandiphunzitsa anali mmisiri weniweni, ndipo ndi iwo amene anandikoleka chingwe paphewa ndi manja awo. Cholinga chawo chinali chabwino. Chingwe n'cholemera, chikamalendewera chimakoka dzanja, ndodo imagwedera, msoko umakhota. Ndinachisenza choncho zaka zoposa 20. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima bale kuyambira 1990, ntchito ya ngolo ndi majeke inachuluka, ndinatsegula malo anga, ndipo anyamata onse amene anadutsa m'manja mwanga ndinawakolekanso paphewa. Ena mwa iwo ndi amene akukuphunzitsani inu lero. N'chifukwa chake nkhaniyi imandikhudza mumtima.

Tiyambe ndi zimene zimayenda m'chingwemo. Magetsi a ESCOM amafika pamakina anu ali ndi mavolti 230. Ntchito ya thiransifoma ndi kutsitsa mavoltiwo n'kukweza maampeya, kuti moto uthe kusungunula chitsulo. Ndodo ya 2.5 imadya maampeya cha m'ma 80, ya 3.2 imapitirira 100, ndipo pa chitsulo chokhuthala ngati cha jeke mumakweza mpaka 150 kapena 200. Ketulo ya tiyi imadya cha m'ma 10. Choncho chimene mwakoleka pakhosi panucho chikunyamula magetsi a maketulo 15 akuwira nthawi imodzi.

Mphira wokuta chingwe amatsekera magetsiwo m'kati, koma pali china chimene sangachitseke. Mu 1820, mphunzitsi wina wa ku Copenhagen, Hans Christian Ørsted, anaona kuti akadutsitsa magetsi m'waya, singano ya kampasi imene inali pafupi inkatembenuka. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti waya aliyense wonyamula magetsi amazunguliridwa ndi mphamvu ya maginito. Mphamvuyi imadutsa mphira, imadutsa ovolosi, imadutsa chikumba cha magolovesi, imadutsa mnofu ndi fupa. Ilibe fungo, siwala, sitentha. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo ichi ndiye sichiyimba n'komwe.

Musangokhulupirira poti wanena ndi mkulu. Tengani katoni, muboole pakati, mulowetse chingwe chanu choimirira, katoniyo ikhale chogona ngati thireyi. Sesani tizitsulo timene timagwa pa galayindala, muwaze pakatonipo. Mnzanu ayatse moto, inu mutafulatira kuwalako, ndiye muzigogoda katoniyo pang'onopang'ono ndi chala. Mudzaona tizitsulo tija tikundanda mozungulira chingwecho, mizere yozungulira ngati madzi mukaponyamo mwala. Mwinanso munaonapo kale chingwe chikudzidzimuka pansi pamene ndodo yakhudza chitsulo, kapena moto ukupatuka wokha pakona mukamagwiritsa ntchito makina a DC, ngati pali mphepo pamene kunja kuli zii. Zonsezo ndi mphamvu yomweyi. Mwakhala mukuiona, dzina lake lokha ndi limene simunauzidwe.

Amaiyeza mu microtesla, ndipo masamu ake ndi osavuta, mwana wa Fomu 2 akhoza kuwatsata. Chingwe chimodzi chowongoka chikanyamula maampeya 150, munthu amene waima mita imodzi kuchokera pamenepo amalandira ma microtesla 30. Akasendera kufika theka la mita, ndi 60. Pa masentimita 10, ndi 300. Pa masentimita 3, ndi 1,000. Chikagona pakhungu, pamene pakati pa waya ndi mnofu pangotsala mphira ndi malaya, zimafika cha m'ma 3,000. Kuchoka pa mita imodzi kufika paphewa, mphamvuyo yachuluka ka 100, makina ndi omwewo, ndodo ndi yomweyo. Ndipo mukachizunguliza pamkono, kuzungulira kulikonse kumawonjezera yake pa inzake. Inu amene munaonapo m'kati mwa makina mukudziwa kuti koyilo imapangidwa choncho, waya wozungulira pachinthu. Mnyamata uja anapanga koyilo, ndipo chimene chinali m'kati mwake ndi mkono wake.

Dziko lenilenili nalo ndi maginito, ndipo kwathu kuno mphamvu yake ndi cha m'ma 30 momwemo. Wina anganene kuti nanga vuto lili pati, poti tinabadwira momwemo. Kusiyana kwake n'kwakuti ya dziko imangokhala phee, pamene ya makina athu a thiransifoma imapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse, motsatira magetsi a ESCOM. Kulira kuja kumene makina amalira ndi zitsulo zake zikugwedezeka ndi kusinthasinthaku. Michael Faraday anasonyeza mu 1831 kuti maginito akamasinthasintha choncho amadzutsa magetsi m'chinthu chilichonse chapafupi chimene magetsi angathe kuyendamo. Ndi mmene koyilo yoyamba ya makina anu imapatsira mphamvu koyilo yachiwiri ngakhale mawaya ake sakhudzana. Thupi la munthu ndi madzi a mchere, magetsi amayendamo. Timagetsi timene timadzuka m'thupi mwanu ndi tochepa kwambiri, nthawi zambiri simungatimve. Koma mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi, ubongo ndi mtima, nazo zimagwira ntchito ndi timagetsi tochepa. Mphamvuyi ikakula kwambiri imatha kudzutsa mitsempha, minofu n'kumatukula yokha, ndipo ikafika kumutu munthu amaona kuthwanima m'maso ngakhale atatsinzina. Dokotala wa ku France, Arsène d'Arsonval, anazilemba zimenezi kalekale mu 1896.

Pofuna kupewa zoterezi, bungwe la akatswiri lotchedwa ICNIRP linaika malire. M'malangizo ake a 2010, pa magetsi ngati athuwa, wantchito asapitirire ma microtesla 1,000, ndipo munthu wamba asapitirire 200. Bwererani pa masamu aja muone pamene 1,000 akupezeka: masentimita 3. Mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo mu 2013 lokakamiza olemba ntchito kuunika mphamvuyi pamalo antchito, ndipo m'lamulomo manja ndi miyendo anazilola kulandira zambiri kuposa mutu ndi chifuwa. Chogwirira ndodo simungachisiye, dzanja lidzakhala pafupi ndi magetsi nthawi zonse, imeneyo ndiyo ntchito. Koma khosi, mutu ndi chifuwa zilibe chochita pamenepo. Mumazibweretsa nokha mukakoleka chingwe.

Mudzafunsa kuti kodi munthu akasenza chingwe zaka 20 kapena 30, amadwala chiyani? Pamenepa ndilankhule mosamala, chifukwa sindikufuna kukuopsezani ndi bodza. Mu 2002, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika maginito a mtundu umenewu m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, gulu lotchedwa 2B. Umboni wake unachokera makamaka pa khansa ya m'magazi ya ana, ndipo unali wosakwanira kugamula. Mu 2003, ofufuza a ku Sweden motsogozedwa ndi Niclas Håkansson anatsata anthu a m'mafakitale momwe munali owotcherera ambiri, n'kupeza kuti amene ankakhala mu mphamvu yochuluka ankapezeka kwambiri ndi matenda oiwala a Alzheimer komanso matenda opha mitsempha a ALS. Kafukufuku wa kwina sanagwirizane nazo zonse, ndipo WHO itaunika nkhani yonse mu 2007 inati umboni wa matenda a mitsemphawa sunakwane. Mlandu uli pamenepo, sunagamulidwe.

Maganizo anga ndi awa. Kukanakhala kuti kudziteteza kwake n'kodula ngati kugula makina atsopano, ndikanati dikirani ophunzirawo amalize kutsutsana. Koma n'kwaulere. Ndi kungosuntha chingwe. Mnyamata wa zaka 20 amene alowa ntchitoyi lero adzakhala pamoto mwina zaka 40, ndipo yankho likadzabwera kuti inde, zakazo sadzazibweza. Komanso chingwe cha paphewa chili ndi mlandu wina umene unagamulidwa kale. Makina akayaka koma musanayambe kuwotcherera, pakati pa zingwe ziwiri zija pamakhala mavolti 50 mpaka 80. Pakhungu louma mumangomva kuluma. Pakhungu lonyowa ndi thukuta la Okutobala, munthu atavala patapata, ataponda pamchenga wonyowa kapena atatsamira chitsulo chimene akuwotchereracho, mavolti amenewo amapha. Zingwe zambiri zimene ndimaziona m'misika mwathu n'zong'ambika, zolumikiza katatu kanayi, zomanga ndi timapepala ta pulasitiki. Choterocho ndiye mukuchigoneka pakhosi.

Tsono kayalidwe kake. Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa ine ndinazidziwa mochedwa. Magetsi amatuluka ndi chingwe cha ndodo n'kubwerera ndi cha ethi. Popeza akuyenda mosemphana, maginito a chingwe china amatsutsana ndi a chinzake. Ziwirizi zikagona limodzi, zogundana, mphamvu zake zimadyana zokha, ndipo imene imafika pa inu imakhala yochepa kwambiri. Zikatalikirana, china kumanja china kumanzere, zimapanga bwalo, ndipo m'kati mwa bwalolo mphamvu zake zimaphatikizana. Amene waima pakati amalandira zonse. Choncho dulani chubu chakale cha njinga, mupange malegeni, mumange zingwe ziwirizo pamodzi kuyambira pamakina mpaka pafupi ndi ntchito, muzilekanitse kumapeto kokha. Zonse zidzere mbali imodzi ya thupi lanu. Ngati ndinu wamanja, zibwere cha kumanja, zili pansi, n'kukwera kudzanja basi.

Ethi mulumitse pafupi ndi pamene mukuwotcherera, pachitsulo chopala bwino. Chizolowezi choponya ethi pa tebulo, kapena kulumikiza ndi zidutswa za nsimbi ndi mapaipi mpaka kukafika pantchito, chimachititsa kuti magetsi ayende njira yaitali imene simukuidziwa, nthawi zina pansi pa mapazi anu, nthawi zina m'chitsulo chimene mwakhalira. Chimawononganso ntchito. Magetsi akadutsa m'mabeleng'i a ngolo amawatentha, mwini ngolo n'kumadabwa kuti gudumu layamba kulira patangotha mwezi. Nanga kulemera kuja kumene kunatichititsa kusenza chingwe? Tengani chidutswa cha nsimbi, mupinde ngowe, muwotcherere pa kachitsulo koimirira kofika m'chiuno. Chingwe chikolekeni pamenepo, pambali panu, mutasiya utali wokwanira kuti dzanja liyende momasuka. Ngoweyo isenze zimene phewa linkasenza. Chingwe chikatalika kwambiri musachikulunge nkhata pafupi ndi mapazi, chiyaleni chopita n'kubwerera cha apo. Ndipo makina si mpando. Akhale patali mita imodzi kapena iwiri, olo kuposa ngati chingwe chikulola.

Makina opanga tokha ndiwatchule padera. Ndimawalemekeza anthu amene amawapanga. Kutenga zitsulo zopyapyala, kuzisanja, kukulunga waya ndi manja, kumanga ndi matabwa, n'kutulutsa chinthu chimene chimadyetsa banja, imeneyo ndi nzeru, ndipo popanda makina amenewa ngolo zambiri za m'boma lino sizikanakhalapo. Pamene magetsi a MAREP afika pa msika watsopano, makina oyamba kulira amakhala amenewa. Koma tinene zoona. Makoyilo ake amakhala pamtunda, zitsulo zake sizigwirana mokwanira, ndiye mphamvu yambiri imatayikira kunja. Yandikizani mpeni wa hakiso pambali pake pamene mnzanu akuwotcherera, mudzaumva ukunjenjemera m'zala. Zingwe zake zimakhalanso zazifupi, chifukwa kopa ndi wodula, ndipo mmisiri amagwira ntchito atagundana nawo makinawo tsiku lonse. Mukapeza ndalama ya msika wa fodya, musanagule foni yatsopano, gulani mamita angapo a chingwe chabwino. Makinawo muwamangire khola lokhala ndi mipata yopitira mphepo, kuti mwana wa mayi wogulitsa mandasi pafupi nanu asakagwire waya. Amene mwagula timakina tating'ono ta inveta, tonyamula m'manja tija, musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Maampeya a m'chingwe ndi omwewo, ndipo popeza n'topepuka ena amatikoleka pathupi ndi lamba akamakwera kukawotcherera denga. Tisiyeni pansi kapena mutimangirire pa mtanda.

Ena mwa inu simudzakalambira kuno. Mudzatsika ku Joni monga anachitira abale anu, ndipo wamwayi adzalowa m'fakitale. Kumeneko, m'mafakitale a magalimoto ngati a ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria kapena a ku Durban, ndi m'makampani ang'onoang'ono owapangira zipangizo, kuli kuwotcherera kwa mtundu wina kopanda ndodo. Zitsulo ziwiri zopyapyala amazipana pakati pa mano awiri a kopa, magetsi n'kudutsa kamphindi, zitsulozo n'kugwirana pa kadontho. Kulibe kuwala kochititsa khungu, utsi ndi wochepa, munthu amaona ngati wapeza ntchito yopepuka. Koma maampeya a pamenepo amawerengedwa m'masauzande, nthawi zambiri kupitirira 10,000. Anthu a kafukufuku wa ku Sweden uja anali a m'mafakitale momwe munali makina oterewa. Mukadzapatsidwa ntchito imeneyo, mutu ndi mimba zisamayandikire mikono ya makinawo, musamaime pambali penipeni pa mpata wa pakati pa mikonoyo, ndipo zingwe zake zazikulu zisamakukhudzeni. Mukadzaona mzere wojambulidwa pansi, dziwani kuti anaujambula atayeza. Mlendo wopanda mapepala amaopa kufunsa, ndikudziwa. Koma poimika mapazi mungasankhe nokha osafunsa munthu.

Pali anthu ena amene kwa iwo nkhaniyi ilibe mwina. Masiku ano alipo akuluakulu amene amapita ku India kapena ku South Africa n'kukaikidwa kachipangizo pachifuwa kothandiza mtima kugunda, kotchedwa pacemaker. Maginito a makina owotcherera amatha kukasokoneza, n'kuona ngati mtima ukugunda pamene sukugunda. Opanga tizipangizoti amachenjeza eni ake za makina owotcherera. Munthu wotere akabwera ndi geti lake, mulandireni, mumupatse mpando kutali pamthunzi. Inunso atsikana amene mwalowa ntchitoyi kudzera m'makoleji a ntchito zamanja ndi maphunziro a TEVETA, ndipo ndimanyadira ndikakuonani, mukakhala oyembekezera dzitengeni ngati munthu wamba wa malire a 200 aja. Lamulo la ku Ulaya lija limatchula amayi oyembekezera kuti afunika kuwasamala mwapadera. Miyezi imeneyo gwirani ntchito yoyeza, yodula ndi yowerengera ndalama, utsi nawo muutalikire.

China chimene ambiri sachidziwa. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira makina ojambula m'thupi otchedwa MRI mu 2008. Makina amenewa ndi maginito amphamvu kwambiri, ndipo amakoka chitsulo chilichonse, ngakhale kanyenyeswa kamene kanalowa m'diso zaka 10 zapitazo n'kuiwalika. Kakagwedezeka m'katimo kangaphe diso. Mukadzatumizidwa ku makina otere, chinthu choyamba kuuza adokotala n'chakuti ndinu wowotcherera ndipo mumagwira galayindala.

Ndamva anyamata akunong'onezana kuti makina amaumitsa mphamvu ya m'nyumba, kuti wowotcherera amatha osabereka. Umboni wogwirika woti maginito amachita zimenezo palibe, ndipo owotcherera a msinkhu wanga ali ndi zidzukulu zodzaza bwalo. Chimene chimadziwika n'chakuti kutentha kumafooketsa mbewu ya mwamuna, ndiye kukhalira makina otentha kapena chitsulo chongowotcherera kumene musiye. Mphekesera zoterezi zimandidetsa nkhawa pa chifukwa china: munthu amaopa zimene wamva pabawo n'kumapumira utsi umene ukumulowa m'mphuno masana dzuwa likuswa mtengo.

Pakuti ngakhale ndadya nthawi yanu ndi maginito, mukandifunsa chimene chavulaza anzanga ambiri, ndi utsi, kuwala ndi shoko. IARC yomweyo imene inati mwina pa maginito, mu 2017 inanena mosapita m'mbali kuti utsi wowotcherera umayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo kuwala kwa moto wake kumayambitsa khansa ya m'diso. Zonse ziwiri inaziika m'gulu 1, limodzi ndi kusuta fodya amene timalimayu. M'utsimo mulinso manganizi, amene akachuluka m'thupi amawononga ubongo, munthu n'kumanjenjemera ndi kuyenda movutika. Malata ndi mapaipi opaka zinki amatulutsa utsi woyera umene usiku umabweretsa kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi, wina n'kumathamangira mankhwala a malungo. Ife tinkawotcherera mapaipi m'kati mwa balani, chitseko chili chotseka, tikatuluka n'kupatsidwa mkaka. Mkaka ndi chakudya chabwino, imwani, koma umapita m'mimba, utsi uli m'mapapo, sizikumana. Wotchererani pamtetete, mphepo izichokera kumbali n'kutenga utsiwo, mutu usakhale pamwamba pa moto. Ndipo onani, chingwe chikachoka paphewa n'kupita pa ngowe, munthu amayamba kuima mowongoka, mutu umatalikirako ku utsi.

Za maso ndiye simufuna kuuzidwa, aliyense wa inu anagonapo usiku umodzi akulira ngati m'maso mwathiridwa mchenga. Magalasi akuda a pamsika si oteteza, amangochititsa mboni kutseguka. Kutsinzina sikuteteza nkhope. Gulani chishango chokhala ndi galasi la nambala 10 kapena 11, ndipo wogwirizira chitsulo naye akhale nacho chake, chifukwa wophunzira ndi amene amapsa maso kuposa bwana.

Ndikudziwa chimene chimagwetsa zonsezi: changu. Mphepo yamkuntho ya Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi ankabwera pakati pa usiku, ndipo ndinkamva makina akulira 2 koloko m'bandakucha. Munthu amene wadikira maola 10 kuti magetsi abwere, makasitomala akumulondola kunyumba, saganiza za malegeni. N'chifukwa chake zinthuzi muzizikonza nthawi imene magetsi azima. Zingwe zomanga kale, ngowe yoima kale, makina ali kale pamalo pake, ndiye akangoti ngwee inu n'kungogwira ndodo.

Inu eni malo, anzanga, izi n'zanu poyamba. Lamulo la dziko lino la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limasenzetsa wolemba ntchito udindo woteteza amene akumugwirira ntchito, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kupatsa mwana wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Woyendera malo antchito mwina sadzafika pa shedi yanu ya malata anayi. Koma mwana amene makolo ake anamubweretsa kuchokera ku Chulu kapena kwa Wimbe, n'kumusiya m'manja mwanu kuti mumupatse luso, adzagwira ndodo mmene mukugwirira inu, adzaima pamene mukuima inu, mpaka adzakalambe.

Mnyamata uja sindinamudzudzule pagulu. Nditalipira, ndinamuitanira pambali n'kumufunsa amene anamuphunzitsa. Anatchula dzina, ndipo linali la mmodzi mwa anyamata anga a m'ma 1990. Tinatenga katoni ya sopo, tinasesa tizitsulo, mnzake anayatsa moto. Anayang'ana mizere ija nthawi yaitali osalankhula, kenako anati, "Ndiye agogo, zonsezi zimakhala pakhosi pangapa?" Ndinati eya. Tinapinda ngowe pompo, tinamanga zingwe ndi chubu chakale. Posuntha makina ndiye panavuta, chifukwa chingwe chake sichikwana mamita atatu, ndipo abwana ake anali atapita ku Lilongwe kukagula nsimbi. Kunyumba ndili ndi mamita 6 a chingwe chabwino amene anatsala pamene ndinatseka malo anga, akhala m'thumba pamwamba pa kabati zaka zonsezi. Ndawatsitsa dzulo, mphira wake akadali wamoyo. Lachisanu ndikupitanso pa boma kukagula mankhwala a ng'ombe, ndidzawamanga panjinga.